ANambewe Anakana Kulapa

Tinawaika mwezi wathawu aNambewe, msuweni wanga, ndipo ngakhale atagona m'bokosi anathabe kuyambanitsa anthu. Akulu a mpingo anakhala pansi pa mkuyu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kukambirana ngati nyimbo za Mulungu zingayimbidwe pa maliro a munthu amene wafa ali pa chilango. Adzukulu anamaliza kukumba, nakhala pa mulu wa dothi kudikira. Akuluwo asanamvane, amayi a m'siwa anangoiyamba okha nyimbo, ndipo mlaliki wathu aMwale, poona kuti nyimbo yapita, anathamanga kukaitsogolera ngati anailamula ndiwo. Ine ndinaseka mpaka misozi. Wina anandigwira paphewa nati, "Limbani mtima, aFilipo." Ndinati zikomo.

Kumene chinachokera chilango chimenecho ndiye nkhani imene ndakhalira pansi kulemba. Sukulu yanga inathera pa sileti, choncho wopeza chilembo chopendama achiwongole yekha. Koma zimene ndikambe ndinaziona ndi maso, ndipo mwa amene anaziona kuyambira pachiyambi ndatsala ndekha.

ANambewe anali munthu wamfupi, wakuda bii, wa mawu oti akamaitana nkhuku zawo, ndi za kwathu zomwe zinkapita. Fodya wamphuno ankasunga m'kachitini ka polishi, chikhalirecho nsapato sanavalepo chibadwire. Lole ya ku Katete sankakwera. Ankati munthu wa miyendo iwiri yamoyo akakwera pamwamba pa matumba a nsawa ndiye kuti wavomera kuti nayenso ndi thumba. Ankanyamuka wapansi kuchokera kwathu kuno kuseri kwa Sinda, dengu pamutu, ndipo lole ikawapeza panjira dalaivala n'kuima kuti awatenge, ankamufunsa ngati yafa kuti amuthandize kukankha.

Moni wawo unali funso. Ukati mwauka bwanji, ankakufunsa chimene wabwera kudzapempha. Munthu akayamba nkhani ndi mawu oti anthu akuti, ankamudula n'kumuuza kuti akawatenge anthuwo, pokhala palipo. Nyimbo za m'tchalitchi ankaziimba patsogolo pa onse, osati mokoma, koma patsogolo, moti mpingo wonse unkachita kuwathamangira.

Chaka chimene Chitaganya chinayamba kunabwera kapitawo wa zamalimidwe, bambo wa kabudula wa khaki ndi buku m'khwapa, kudzakhoma zikhomo m'minda kuti tizikumba migula motsata chingwe chake. Tonse tinang'ung'udza, tonse tinakumba. M'munda mwa aNambewe zikhomo zinkasowa. Akhoma lero, mawa palibe. Ulendo wachitatu kapitawoyo anapita kunyumba kwawo atafufuma ndi mkwiyo, koma anamulandira bwino, namukhazika pampando, namupatsa mbatata yootcha.

"Yapsa bwino, akapitawo?"

"Yapsa bwino, amayi."

"Nkhuni zake ndi zanu zija. Koma za dzulo zinali zaziwisi, utsi wokhawokha. Mawa mubwere ndi zouma."

Anawaitana kukhoti. Anapita wapansi, anabwera wapansi, ndipo migula anadzakumba chaka chinacho, okha, popanda chingwe, madzi atawang'ambira munda. Anati tsopano awauza ndi madzi, osati kabudula.

Ine pokhala mwana wa malume awo ndinali ndi ufulu wowatukwana, iwonso chimodzimodzi, ndipo ufuluwo anaudyerera kuposa ine. Ankanditcha mwamuna wawo wachabe. Chipewa changa chatsopano anachichotsa pamutu panga anthu akuona, nakachiveka mtengo woopsezera mbalame m'mapira mwawo. Ndikadandaula ankati mtengowo chikuukhala kuposa ine, komanso mtengowo umagwirako ntchito.

Mwamuna wawo weniweni anali Jailosi Banda, mnzanga, woluka malichero, munthu woti akalankhula mawu khumi tsiku limodzi ndiye kuti wamwa. Ankamukalipira kuyambira podzuka: wakhala molakwika, watsokomola molakwika, nsungwi zake zadzaza pabwalo. Iye ankangoti eya, n'kumaluka. Koma wina ayerekeze. Pamowa wina wa dima bambo wina anaseka Jailosi kuti ndi mkamwini woweta nkhuku za mkazi. ANambewe anangonyamula chipanda chimene bamboyo ankamwera, namukhuthulira pamutu pang'onopang'ono, osataya ndi dontho lomwe pansi, namuuza kuti wonyoza Jailosi alipo kale mmodzi ndipo ntchitoyo akuikwanitsa.

Ana anabala asanu, woyamba Lameki. Jailosi anali wamfupi ngati mkazi wake, ana anayi enawo afupiafupi ngati mitondo yosinjira. Lameki yekha anatalika mpaka kumawerama polowa m'nyumba ya amake, makutu ake otambalala ngati akumvetsera za mudzi wina. Anthu ankaona. Palibe ankakamba, chifukwa wokambayo akanakumana ndi aNambewe. Jailosi ndiye ankamukonda mwanayo mopusa. Kuti Lameki apite kumishoni ndi malaya, anasenza mtolo wa malichero mpaka ku Vubwi wapansi, poti kumeneko ankagulidwa msanga. Lameki anaphunzira, nakhala mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi mwathu, mkulu wa mpingo, ndiponso mlembi wa akulu anzake, munthu wa tayi ngakhale mwezi wa Okutobala. Jailosi anaziona zonsezi, namwalira mwakachetechete monga ankakhalira, zaka khumi ng'ombe zisanabwere.

Tsopano ng'ombezo. Zaka zisanu zapitazo, titatha kufukula nsawa, ndinali pakhonde pa aNambewe masana kupempha fodya, iwo akusenda nsawa. Tinamva phokoso kunjira. Kunatulukira nkhalamba yaitali itavala jasi la usilikali dzuwa lonse lija, mamendulo awiri pachifuwa, ndodo m'manja. Pambuyo pake amuna awiri ankakusa ng'ombe zinayi, zazikazi zitatu ndi nkhunzi imodzi, zowonda ndi ulendo. Pambuyo pa ng'ombe, mudzi wonse.

"Odi pano!"

"Odi wake ndi ng'ombe? Zibwezeni uko, zindidyera nsawa."

"Simunandizindikire, mama?"

ANambewe anaika lichero pansi. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nthawi yaitali, kenaka anati, "Mano aja munasiya kuti, Kopolo?"

Ine fodya anandipita kukhosi. Nanenso ndinamuzindikira. Anali Kopolo Shawa, Mngoni wa kuseri kwa boma la Jemisoni, amene ndinamuona komaliza ndili ndi chingwe m'chiuno.

Anakhala pansi, navula chipewa, nakamba mwaulemu ndithu, ndisamunamizire. Anati ana ake aamuna anali awiri: wina anatsala ku nkhondo yachiwiri ija, wina mgodi unamugwera ku Walale. Kwatsala ana aakazi, ndipo kwa Angoni khola silisiyidwa m'manja mwa mwana wamkazi. Ndiye mnzake wina wogulitsa fodya ku Katete anamuuza kuti waona mphunzitsi woyenda ngati iye, wa makutu ngati iye. Anafunsafunsa, nawerenga zaka, nasankha ng'ombe.

"Kwathu mwana amaomboledwa ndi ng'ombe, mama. Ndachedwa, ndavomera. Koma ndabwera nazo. Ndadzatenga magazi anga."

"Mwana wake uti? Wa imvi uja? Mbereko mwabwera nayo, kapena ndikubwerekeni?"

Anthu anaseka. Kopolo sanaseke.

"Zinayi," anatero aNambewe, akuziloza ndi mlomo. "Zaka khumi, ng'ombe imodzi. Filipo, iwe unagwirako sileti, ndawerenga bwino? Kuno ndi kwa Achewa, Kopolo. Mwana sagulidwa."

Nthawi yomweyo anafika Lameki kuchokera kusukulu, choko chili m'manja, atamva kuti kwa amake kuli alendo. Kopolo anaimirira. Ataima awiriwo moyandikana, panalibenso chofunsa: msinkhu umodzi, makutu amodzi, ndi kapendekedwe ka khosi komwe. Lameki anayang'ana nkhalambayo, nayang'ana ng'ombe, nayang'ana amake.

"Amayi, bambowa akuti chiyani?"

"Akuti anakubala."

"Nanga inu mukuti chiyani?"

"Sakunama. Koma atate ako ndi Jailosi."

Lameki anapukutira choko pa buluku, chinthu chimene sanachitepo, natembenuka n'kumapita osatsanzika.

Ndibwerere m'mbuyo, ku nkhondo ya Jeremani yoyamba ija. Ife sitinapite ndi mfuti, tinapita ndi mitu ndi mapewa: mtengatenga, kusenza mabokosi a azungu kudutsa Nyasalande mpaka m'dziko la Apwitikizi. Asilikali ankafika m'mudzi m'mawa n'kugwira mwamuna aliyense wotha kuima. Ine ndi Jailosi anatimanga chingwe chimodzi, ndipo wogwira nsonga ya chingwecho anali Kopolo Shawa, wachinyamata nthawi imeneyo, chisoti chofiira pamutu, mano oyera onse ali m'malo, woimba bwino. Ndikuti woimba bwino chifukwa ngakhale ife omangidwafe tinkapezeka tikumuvomera. Jailosi anali atakhala m'banja miyezi itatu yokha.

Kopolo anatipereka ku boma, iye nabwerera. Anamanga msasa pamtsinje pafupi ndi mudzi wathu, ntchito yake kusonkhetsa ufa wa asilikali, ndipo osenza ufawo kupita nawo kumsasa anali akazi athu. ANambewe anasenza nawo. Ena ankatula n'kuthawa. Iwo ankatula n'kuyamba kumutukwana Kopolo chifukwa cha mwamuna wawo, tsiku ndi tsiku, iye n'kumangoseka, mpaka kutukwanako kunayamba kutenga nthawi yaitali kuposa ulendo wake. Izi anandiuza okha patapita zaka, sindikupeka.

Ife tinabwera mvula ziwiri zitadutsa, ochepa, nthiti zili pamtunda, mapewa ali zilonda. Kumudzi anali atatilira kale ndi kutimetera. Ndinamuperekeza Jailosi mpaka pakhomo pake, ndipo tinapeza mkazi wake ali chilili, khanda kumsana. Zimene zinakambidwa pakhomo paja ndinazisunga zaka makumi anayi, ine wosasunga kanthu. Muzimva kwa mwini wake.

Kopolo ndi ng'ombe zake sanachoke. Anabwereka khola kumapeto kwa mudzi, nati adikira yankho la mwana wake mpaka Sabata lachiwiri. Amuna ambiri ankamuuza Lameki kuti asapuse. Ng'ombe zinayi izi ndi moni chabe, kwa Kopolo kuli khola lodzaza, pulawo, ngolo, zonse zikudikira mwini. Dzina la Banda silikoka pulawo. Ndipo madzulo ena ndinamuona ndi maso anga Lameki atatsamira khola lija, nkhalamba ikumuphunzitsa mayina a ng'ombe n'kumamuitana kuti Shawa, iye osakana. Kwa amake sanapondeko.

Kopolo ndiye anapondako, tsiku lachinayi, yekha, mamendulo atasiya. Anandipeza ndili pomwepo, ndipo sindinachoke, poti palibe anandithamangitsa.

"Pamtsinje paja mumapitako, mama?"

"Pali dimba la kabichi tsopano."

"Ine sindinaiwale. Anatisamutsa mwadzidzidzi. Nkhondo itatha atate anali atandifunira kale mkazi. Njira inatalika."

"Ndi ng'ombe zinayi yafupika bwanji?"

Nkhalamba inapukusa chipewa m'manja. Kenaka inati, "Ndifa popanda wonditseka maso. Mundilankhulireko kwa mwanayo."

Ndinaona nkhope ya aNambewe ikufewa, kanthawi kochepa, ngati ya mtsikana wosenza ufa uja. Anamupatsa nsawa zodzaza manja, atayiwala kuti alibe chotafunira.

"Chisoni ndakumverani, Kopolo. Koma mwapempha chinthu cha munthu wakufa, ndipo iye sangadziyankhire. Ndimuyankhira ine, monga ndinkachitira ali moyo."

Kopolo atapita, aNambewe anapitiriza kusenda, akutukwana aliyense wobwera kudzawapepesa ngati pagwa maliro. Koma ndinaona kuti nsawa akuponya pa mulu wa makoko, makoko n'kumaika m'lichero. Nditawauza anandigenda nazo.

Kenaka mpingo unalowererapo, poti nkhani inali itafika mpaka kutali ku Mkaika. Loweruka masana anawaitana m'tchalitchi. Kutsogolo kunakhala aMwale ndi akulu asanu, Lameki pakati pawo ndi buku lake la mlembi, maso ali papepala. Kopolo ndi ine anatiitana ngati mboni. AMwale ndi munthu wabwino, ankafuna kuwapulumutsa, ndipo anali atawakonzera kale pothawira.

"Mayi, tonse tikudziwa za nthawi ya nkhondo. Asilikali ankagwira akazi mwamphamvu. Mukatiuza kuti ndi zimene zinachitika, palibe mlandu, tipemphera tibalalike."

Kopolo anaweramitsa mutu. Ndikhulupirira kuti bodzalo akanalivomera kuti awathandize.

"Sanandigwire. Ndinapita ndekha ndi miyendo yanga iyi, ndipo popita ndinadzola mafuta a nsatsi."

Mkulu wina anatsokomola. AMwale anayesa kwina.

"Koma munali mutamva kuti amuna anu anafa. Munkadziyesa wamasiye."

"Uthenga wa imfa unandipeza mimba ili kale ya miyezi inayi. Lemba bwino, Lameki, usadumphe."

Cholembera cha Lameki chinaima, kenaka chinayendanso. Kopolo anaimirira ndi ndodo yake nati, "Mwamva nonse. Mwana ndi wanga."

"Khalani pansi, Kopolo, sindinathe. Munachoka ndi msasa wanu mutandiuza kuti mubwera mwezi ukaoneka. Mwana anabadwa. Mwezi unaoneka kasanu, mwanayo ali wosatengedwa."

Apa akulu anayamba kusunthasuntha pamipando. Achewa tonse tikudziwa kuti khanda limakhala lozizira, losagwiridwa ndi munthu wamba, kufikira bambo ndi mayi atalitengera kumphasa, ndipo likachedwa anthu amaopa kuti litupa n'kufa. Koma zimenezo amakamba anamkungwi kuseri, osati pamaso pa gome la Mgonero, mwana wake ali pomwepo ndi tayi.

"Mayi, zimenezo n'zachikunja, sizikambidwa muno."

"Zachigololo mwakamba kuyambira masana osatopa, izi ndiye zakuwawani m'makutu? Anamkungwi anandivuta, ati tipeze mwamuna wina amutenge. Ndinakana. Ndinkadikira inu, Kopolo, ndisaname. Jailosi ndinali nditamulira kale. Ndiye tsiku lina ndikuona mzukwa ukubwera ndi mzukwa unzake, Filipo uyu. Ndinamuuza pakhomo pomwepo, asanatule ndi kathumba komwe. Ndinati mwana uyu ndi wa msilikali amene anakumanga chingwe, ukafuna bwerera kwanu, sindikuletsa. Filipo, ndikunama?"

"Simukunama," ndinatero. Kanali koyamba kuwayankha popanda chipongwe.

"Jailosi anazungulira kumbuyo kwanga, navundukula nsalu, namuyang'ana mwanayo. Anafunsa chinthu chimodzi chokha: watengedwa? Ndinati iyayi. Anati, miyezi isanu, ufuna afe? Ndipatse madzi ndisambe, iwe ukayale mphasa. Basi. Mpaka kumanda sanaikambenso. Ndiye inu Kopolo munamupatsa miyendo ndi makutu, zimenezo sindikukana, makutuwo mukafuna dulani mupite nawo. Koma amene anamutenga mwana uyu kuti akhale munthu ndi Jailosi Banda, mapewa akuchucha mafinya a katundu wanu."

M'tchalitchi tinkamva ng'ombe zija zikulira kukhola. AMwale anapukuta thukuta.

"Chabwino, mayi. Zinapita. Chatsala n'chimodzi. Nenani pamaso pa akulu kuti mukulapa, kuti mukanakonda zikanapanda kuchitika. Chilango chikhala cha miyezi yochepa."

"Zikanapanda kuchitika, uyo akulembayo akanakhala kuti? Mukuti ndiime pano ndinene kuti ndikanakonda Lameki akanapanda kubadwa? Jailosi ndinamupepesa, anandikhululukira. Mulungu ndinakamba naye kalekale, inu mukuyamwa. Za Lameki sindilapa."

Anawapatsa chilango chopanda tsiku lothera: osadya Mgonero, ndiponso kukhala pa benchi la kumbuyo kwenikweni, mbali ya amayi, pafupi ndi khomo, kufikira atalapa. Lameki analemba chigamulocho ndi dzanja lake, natseka buku, natuluka osayang'ana munthu. Panja aNambewe anatsegula kachitini kawo, koma fodya yense anatayikira pansi.

M'mawa mwake linali tsiku limene Kopolo anaika. Ng'ombe anali atazitulutsa kale, zili pansi pa mitengo kunja kwa tchalitchi, iye ali chilili ndi jasi lake. Tchalitchi chinadzaza ngati pa Khirisimasi, ndi akunja omwe anamva ludzu la Mawu tsiku limenelo. ANambewe analowa mutu uli m'mwamba, nakhala pa benchi lawo latsopano pamodzi ndi atsikana awiri a mimba zopanda eni ndi mayi wina wotcheza kachasu. Nyimbo yoyamba inatha, Lameki kulibe. Malo ake kutsogolo ali pululu. Anthu anayamba kusuzumira pawindo kuona ngati ng'ombe zikadalipo.

Analowa pakati pa nyimbo yachiwiri, jekete, tayi, Baibulo m'khwapa. Anaima pakhomo. Kenaka m'malo molunjika kutsogolo anakhotera kumanzere, kwa amayi, naima pa benchi la ochimwa lija.

"Mwasokera, aphunzitsi," anatero amake osamuyang'ana. "Amuna ndi uko."

"Senderani, amayi."

Anasendera. Anakhala, mawondo ake aatali aja atagunda msana wa mayi wa kutsogolo. Nyimbo inabalalika, aliyense kuimba yake. AMwale anatuma mkulu wina, amene anabwera monyang'ama nanong'ona, koma tonse tinamva.

"ABanda, malo anu ali kutsogolo."

"Dzina mwatchula bwino. Malo anga ndi ano. Buku lanu ndasiya pagome."

Titatuluka anapita kwa Kopolo, nagwada, nawomba m'manja monga amachitira mwana kwa mkulu. Zimene anakamba sindinamve zonse. Ndinamva zoti adzukulu akafuna adzapita kukacheza, ndi zoti akamva kuti nkhalamba yadwala adzakwera basi, koma iye ndi Banda. Kopolo analira osabisa. Anafuna kusiya ng'ombe imodzi, yamkaka, ya ana. ANambewe anakana, ati ikatsala imodzi anthu adzanena kuti mwendo umodzi wa Lameki unagulidwa. M'malo mwake anamupatsa chiponde chodzaza chikho, chosafuna mano, namuuza kuti jasilo avule, nkhondo inatha. Lameki anathandiza kukusa ng'ombe mpaka kumsewu waukulu. Ine ndi aNambewe tinaima kuwayang'ana, amuna awiri aatali oyenda mofanana, fumbi lili pambuyo.

"Anali wokongola, Filipo," anatero. "Iwe sunafikeko ngakhale theka."

Zaka zisanu anakhala pa benchi lija, Lameki pambali pawo, Sabata lililonse. Ukulu wa mpingo Lameki anausiya, ngakhale anamunyengerera kangapo. Sukulu anapitiriza. Nyengo ya Mgonero ikayandikira, aMwale ankabwera kunyumba kudzafunsa ngati mtima wasintha. ANambewe ankawapatsa thobwa n'kuwafunsa za nyamakazi yawo. Ngakhale sabata yomaliza, atagona osatha kudzuka, aMwale anagwada pafupi nawapempha kuti anene liwu limodzi lokha. Anatsegula diso limodzi n'kufunsa Lameki ngati mbuzi zamwa madzi.

Dzulo ndinapita kutchalitchi, ine wosapitapita. Ndinkafuna kuona. Akulu anali atalengeza kuti mlandu unapita ndi mwini wake, aBanda angathe kubwerera kutsogolo, ndipo anawasungira malo. Benchi la kumbuyo lija ndi la zidina, lozira ndi dothi, lalifupi kuposa ena onse chifukwa chitseko chimafuna potsegukira. Kumapeto kwake, cha kukhoma, dothi linaterera n'kulowa pang'ono, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene pankatsamira phewa. Ochimwa a chaka chino ndi atatu. Anapanikizana kumbali inayo, pamalo paja palibe anayerekeza kukhalapo. Lameki analowa, imvi zili mbuu, nawerama pakhomo, nakhotera kumanzere. Anakhala pamene amakhala, nasiya mpata pakati pa iye ndi khoma, wokwana munthu mmodzi. Mphepo ya pakhomo inali itaunjika fumbi pamenepo, ndipo nyimbo isanayambe anapukutapo ndi chikhatho.